Ya Chaka Chanji?

Ndinangofuna galasi la nyali yakumanzere
lomwe mbuzi inaswa pa Khombedza.
A Makwinja, mutu uli m'injini ya wina,
anafunsa osacheuka: "Ndi ya chaka chanji?"

Ndinatulutsa bulubuku m'jumbo ya shuga
momwe bambo ankaisunga. 1994.
Anapukuta manja pa ovolosi,
nazungulira galimoto ngati wogula ng'ombe,
kugogoda apa, kusuzumira apo.

"Mayi, ya 94 nyali zake n'zamakona.
Zozungulirazi zinabwera 97,
chaka chomwe anachotsa kabureta.
Koma yanuyi kabureta ilimo,
imvani mmene ikutsokomolera.
Magiya asanu, pomwe anzake ali ndi anayi.
Chitseko chakumbuyochi n'cha ina,
onani kubiriwira pansi pa utoto woyerawu.
Bampala uyu ndiye sindikumudziwa mtundu wake."

Dzuwa la Salima linali litafewetsa phula.
Ndinaima pamenepo, buku m'manja,
n'kuyamba kuwerenga zaka mwa ine ndekha.

Nyalizo ndikuzidziwa.
Ndi za usiku uja bambo anagunda ngolo ya nzimbe ku Dwangwa
akuthamangira kuchipatala,
amayi akubuula kumbuyo.
Sautso sanadikire kuti tifike.
Chikalata chake chimati anabadwira ku Nkhotakota,
koma mpando ukudziwa zoona.

Chitseko n'cha chaka cha njala.
Matumba a gaga ochokera ku Mwansambo
anachikankha mpaka mahinjesi anagonja.
Miyezi itatu tinkayenda chomanga ndi linya,
ine nditagwira chingwe ngati ndagwira mbuzi.

Magiya asanu ndi ndalama za thonje.
Bambo anabwera nawo pa njinga yakabaza,
atakulunga m'chiguduli ngati mwana wodwala,
ndipo sabata yonse ankapita ku Chipoka opanda chifukwa,
kungofuna kumva yachisanuyo ikulowa.

Buku limati anthu asanu.
Ife tinkalowa asanu ndi anayi,
osawerengera nkhuku ndi azakhali a Nambewe
amene ankati iwo si katundu wolemera.
Buku limati thanki ndi malita makumi anayi ndi asanu.
Thankiyo sinalaweko oposa asanu pa kamodzi.
Muvi wa mafuta unakalamba utagona.

Kowerengera mtunda kanaima pa 288,412
chaka chomwe ndinapita ku koleji ya aphunzitsi.
Kwa iko, chichokereni ine sitinapitenso kulikonse:
ukwati wa Ndaziona ku Benga kunalibe,
maulendo a bambo a Lachiwiri lililonse kukalandira mankhwala kunalibe,
ngakhale Loweruka lija
tinatsatira bokosi lawo pa giya yoyamba
mpaka injini inawira,
ife n'kuithira madzi a m'chigubu cha anamfedwa.

"Ndiye tilembe chaka chanji?"
A Makwinja anali atatenga kale cholembera kukhutu.
Ndinati sindikudziwa.
Anati palibe kanthu, zambiri zili choncho kuno,
pepala linena zake, chitsulo zake.

Analowa m'kontena mwawo,
ndinamva zitsulo zikugwa, ndi kutukwana pang'ono.
Anatuluka ndi galasi lafumbi, analipukuta ndi malovu.
"Ili n'la 99. Lakula pang'ono.
Tikalipala m'mbali lilowa."

Analipala. Linalowa mokakamiza.
Ndinalipira, n'kupempha anyamata awiri andikankhe,
poti sitata nayo ili ndi masiku ake.

Tsopano ndikamabwerera usiku ku Khombedza
nyali yakumanja imayang'ana msewu,
yakumanzere imayang'ana m'mwamba pang'ono,
m'nthambi za malambe,
ngati ikufunafuna munthu.
Sindinaikonzetse.
Kuseri kwa bulubuku, pansi pa siginecha ya bambo,
ndalemba ndi pensulo:
galasi, mbuzi, chaka chino, ine.